Kugula thiraki n'kumayendetsa nokha: ndalama ya ulendo imapita kuti?

Dalaivala wa thiraki wolembedwa ntchito amagwira mapepala a katundu tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina amaona ndalama imene kampani yalipiritsa pa ulendo umene iyeyo wayendetsa. Akaiyerekeza ndi malipiro ake a pamwezi, funso limabwera lokha: bwanji osangogula yanga kuti ndalama yonseyi izilowa m'thumba mwanga? Koma timamvanso za anthu amene anagula thiraki, katundu akumupeza ndithu, chaka chisanathe banki n'kudzalanda galimotoyo. Zonsezi zimachitikadi. Kuyendetsa ndi mbali imene munthu woyamba kumene amaidziwa kale bwino. Zimene zimamugwetsa nthawi zambiri ndi masamu amene anayenera kuwachita asanagule, komanso mapepala amene anasayina osawerenga mpaka kumapeto.

Mwini wake ndi yemwenso ali pa chiwongolero

Mu bizinesi imeneyi muli zinthu zitatu zimene zimatha kukhala m'manja mwa anthu osiyana: galimoto, chilolezo chonyamulira katundu wa anthu ena molipiritsa, ndi makasitomala. Dalaivala wolembedwa ntchito alibe chilichonse mwa zitatuzi, koma alibenso ngongole ya galimoto, ndipo injini ikafa kumapeto kwa mwezi amalandirabe. Mwini thiraki woyendetsa yekha ali ndi galimoto. Kusiyana kwa eni mathiraki oterewa kumachokera pa ziwiri zinazo.

Ena amalowetsa thiraki yawo pansi pa kampani yaikulu. Kampaniyo ndi imene ili ndi chilolezo, imapeza katundu, imatolera ndalama kwa makasitomala, ndipo kawirikawiri imapereka khadi yomwetsera mafuta. Mwini thiraki amalandira gawo la ndalama ya ulendo kapena ndalama yakutiyakuti pa kilomita, kampani itachotsa mafuta, inshulansi ndi zina zonse zimene mgwirizano ukuilola kuchotsa. Ena amaima paokha: chilolezo n'chawo, inshulansi amadzigulira, katundu amadzifunira, ngongole kwa makasitomala amadzitolerera. Ndalama yonse ya ulendo ndi yawo, ndipo mutu wonse wopweteka ndi wawonso.

Kugawikana kumeneku kuli ndi mbiri. Ku United States lamulo la 1935 linaika mitengo ndi zilolezo zonyamulira katundu pakati pa zigawo m'manja mwa bungwe la boma, ndipo chilolezo chatsopano chinkavuta kwambiri kupeza. Munthu wokhala ndi thiraki imodzi ankangoyenera kubisala pansi pa chilolezo cha kampani. Lamulo lina la 1980 linatsegula khomo, anthu ambiri analowa, mpikisano unakula ndipo mitengo yonyamulira inatsika. Ku Britain lamulo la 1968 linasiya kufunsa ngati pamsika pali malo a wonyamula katundu wina, n'kuyamba kufunsa ngati wopemphayo angathe kusamala magalimoto ake ndi kutsatira malamulo. Mayiko ambiri lero akutsata maganizo achiwiriwa: kulowa n'kosavuta kwenikweni, kukhalitsa ndiye nkhani.

Pali njira yachitatu imene imasokoneza anthu. Kampani imakupatsani thiraki popanda dipoziti, n'kumadula ndalama pa malipiro anu sabata iliyonse mpaka tsiku limene galimoto idzakhale yanu. Kwa munthu amene banki singamukongoze, khomo lingakhale lokhali. Vuto ndi loti amene mukumubwezera ngongole ndi yemwenso akusankha katundu amene mulandire. Musanasayine, funani mayankho olembedwa: mukasiya pakati, zimene munalipira zimabwerera kapena zimapsa? Mungatenge thirakiyo n'kukanyamulira kampani ina? Kumapeto kuli ndalama yaikulu yolipira kamodzi? Injini ikafa m'mwezi wachisanu, akonze ndani?

Katundu ndiye amasankha thiraki

Thiraki yaikulu ndi zidutswa ziwiri: hosi, imene ili ndi injini ndi chipinda cha dalaivala, ndi ngolo imene imanyamula katundu. Zimakumana pa chitsulo chozungulira chokhala kumbuyo kwa hosi, chimene chimagwira msomali wonenepa wa pansi pa ngolo. Maganizo amenewa ndi akale, August Fruehauf anapanga ngolo yotere ku Detroit mu 1914, ndipo ubwino wake sunasinthe: hosi imodzi ingasiye ngolo ikupakiridwa n'kukoka ina. Kontena itabwera mu 1956, pamene Malcom McLean anatumiza makontena 58 pa sitima kuchoka ku Newark kupita ku Houston, ntchito yokokera mabokosi amenewa kuchoka ku doko inakhala gawo lalikulu la msika.

Cholakwika chofala ndi kugula galimoto imene maso akonda, kenako n'kuyamba kufunsa choti inyamule. Ziyenera kuyenda motembenuza. Ngolo yafulati imanyamula zitsulo, matabwa ndi matumba, n'njotchipa kugula koma imafuna matenti, malamba, maunyolo ndi msana wolimba. Ngolo ya firiji imalipira bwino, koma ili ndi injini yakeyake yomwa mafuta, ndipo ikazima usiku umodzi katundu yense watayika. Thanki ya mafuta kapena mankhwala imafuna maphunziro ndi ziphaso zapadera, inshulansi yake n'njokwera. Hosi nazo zimasiyana. Ya 4x2 ili ndi ekiselo imodzi kumbuyo, n'njopepuka ndipo siimwa kwambiri. Ya 6x4 ili ndi ziwiri, zonse zokankha, yoyenera katundu wolemera ndi misewu yamatope. Ya 6x2 ili pakati: maekiselo awiri kumbuyo koma yokankha ndi imodzi, ndipo pamalo oterera imatha kungozungulira pamodzimodzi. Hosi yolemera mopitirira ntchito yake imadya matani amene mukanalipiritsa, chifukwa lamulo limawerenga kulemera kwa galimoto ndi katundu pamodzi.

Thiraki yatsopano imabwera ndi chitsimikizo cha kampani yopanga komanso ngongole yaikulu ya mwezi ndi mwezi. Yakale ngongole yake n'njochepa, koma zimene mwapulumutsa mumazilipira kwa makaniko, ndipo tsiku lake simulidziwa. Zonse ziwiri zalemeretsapo anthu ndipo zagwetsapo anthu. Dzina la Scania, Volvo, Mercedes-Benz, MAN kapena Freightliner lisakutengeni mtima musanafunse ngati zipangizo zake ndi amakaniko ozidziwa akupezeka m'njira imene muziyenda.

Ngati ndi yakale, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Fikani injini ili yozizira, chifukwa yotenthetsa kale imabisa zambiri. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti ikuwotcha oyilo, woyera wosatha ungakhale madzi olowa m'masilinda kapena ma injekita otopa. Tsegulani pothirira oyilo injini ikulira: mpweya ukamatuluka mwamphamvu, mphete za mapisitoni zatha. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, kapena madontho a oyilo m'madzi a rediyeta, ndi chizindikiro choti ziwirizi zikusakanikirana mkati. Lumikizani kompyuta kuti muwerenge makilomita ndi maola amene ali m'bongo wa injini, chifukwa nambala ya pa dashibodi imasinthika mosavuta. Makilomita ochepa koma maola ambiri zikusonyeza galimoto imene inkangolira itaima. Pa mabuleki, dzadzani mpweya, zimitsani injini, pondani buleki n'kuyang'ana geji. Muyezo umene madalaivala a ku United States amaphunzitsidwa ndi woti hosi ndi ngolo zisataye psi woposa 4 pa mphindi imodzi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya umene geji imaonetsa). Lowani pansi ndi tochi, muone ming'alu ndi zowotcherera pa chasisi, makamaka pafupi ndi pomangira masipuling'i. Matayala amanena zambiri: akamatha mbali imodzi, ekiselo kapena chiwongolero sichili mowongoka, ndipo manambala anayi a m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa.

Palinso zida zoyeretsera utsi. Mathiraki a muyezo wa utsi wotchedwa Euro VI, umene unayamba kugwira ntchito ku Ulaya cha m'ma 2013 ndi 2014, ali ndi sefa yogwira mwaye komanso thanki ya AdBlue, madzi okhala ndi yureya 32.5 peresenti. Zida zimenezi anazipangira dizilo wokhala ndi salifa wochepa kwambiri. Zikamamwa dizilo wa salifa wambiri zimatsekeka msanga, kompyuta n'kuchepetsa mphamvu ya injini mpaka galimoto kumangokwawa. Wogula thiraki yochokera kunja ayambe wafunsa mtundu wa mafuta a m'njira mwake.

Mtengo wa kilomita imodzi

Ngati pali nambala imodzi imene mwini thiraki ayenera kuidziwa ngakhale atadzutsidwa pakati pa usiku, ndi iyi: kuyendetsa galimoto yanga kilomita imodzi kumandidyera zingati? Popanda nambalayi simungadziwe ngati katundu amene akukupatsani ndi ntchito kapena ndi msampha.

Zolipira zili m'magulu awiri. Zina zimabwera ngakhale thiraki itagona mwezi wonse: ngongole, inshulansi, misonkho ya galimoto, ziphaso, malo oimikapo, foni, wowerengera ndalama. Zina zimabwera mawilo akazungulira: mafuta, matayala, oyilo ndi mafyuluta, mabuleki, ndalama za pamsewu ndi pamalire. Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza, a ndalama ya dziko lililonse. Zolipira zokhazikika zikhale 600,000 pamwezi, zoyendera zikhale 100 pa kilomita. Mukayenda makilomita 10,000, zokhazikikazo zimagwera 60 pa kilomita, ndiye kuti kilomita imodzi ikukudyerani 160. Mukayenda 6,000 okha chifukwa munakhala masiku khumi ku galaji, zimagwera 100, mtengo n'kufika 200. Galimoto ndi yomweyo, dalaivala ndi yemweyo, koma katundu wa 180 pa kilomita amene mwezi watha anali ndi phindu, mwezi uno akukuluzitsani.

Tsopano makilomita opanda katundu. Wina akukupatsani ulendo wa makilomita 800 pa mtengo wa 250 pa kilomita, yonse pamodzi 200,000. Poyerekeza ndi 160 ikuoneka yonona. Koma ngati mubwerera chopanda kanthu, mwayenda 1,600, zimene zakudyerani pafupifupi 256,000, ndipo mwaluza. Mukapeza katundu wobwerera naye, ngakhale wa 120 pa kilomita, mwawonjezera 96,000 ndipo ulendo wonse watsala ndi 40,000. N'chifukwa chake katundu wobwerera naye amakhala wotchipa padziko lonse: aliyense amene ali kutali ndi kwawo amalola mtengo wotsika kusiyana n'kunyamula mphepo. Ngozi yake ndi yoti munthu akazolowera mitengo yobwererayi n'kumailandira mbali zonse ziwiri, amakhala wotanganidwa mwezi wonse akudya mpamba wake. Ngakhale ku Ulaya, kumene msika ndi wolumikizana bwino, pafupifupi kilomita imodzi mwa asanu aliwonse amene mathiraki amayenda imakhala yopanda katundu.

Mafuta ndiwo amatenga gawo lalikulu la zoyendera. Hosi ndi ngolo zodzaza zimamwa malita apakati pa 30 ndi 40 pa makilomita 100 pamsewu wabwino, kupitirira apo m'mapiri. Pa malita 35, mwezi wa makilomita 10,000 ndi malita 3,500, choncho kuchepetsa malita awiri okha pa makilomita 100 kukusungirani malita 200. Zimene zimasintha nambalayi zili m'manja mwa dalaivala. Mphepo imakaniza galimoto mowirikiza kwambiri liwiro likamakwera, moti kusiyana kwa kuthamanga 80 ndi 90 kumaoneka pa thanki kuposa mmene kumaonekera pa wotchi. Injini yolira galimoto itaima imamwa malita awiri kapena atatu pa ola. Tayala lopanda mpweya wokwanira limamwetsa mafuta, limatentha, ndipo ndi lomwe limaphulika.

Pali zolipira ziwiri zimene sizibwera ndi invoisi, ndipo n'zimene oyamba kumene amaziiwala. Yoyamba ndi malipiro anu. Ngati zotsala kumapeto kwa mwezi zikufanana ndi zimene munkalandira mutalembedwa ntchito, bizinesi sinapange phindu. Yangokulipirani ngati dalaivala, ndipo mpamba umene munaikamo sunabale kanthu. Yachiwiri ndi kukalamba kwa galimoto. Kilomita iliyonse ikudya pang'ono injini, giyabokosi, kilachi ndi turbo, ndipo tsiku lina zonsezi zidzafuna ndalama yaikulu pakamodzi. M'miyezi imene palibe chawonongeka, ndalama imeneyi imaoneka ngati phindu. Kuidya kuli ngati mlimi kudya mbewu: lero wakhuta, koma mvula ikagwa alibe chodzala. Njira yosavuta ndi kutsegula akaunti yapadera n'kumaponyamo ndalama yokhazikika pa kilomita iliyonse, ndipo akauntiyo isakhudzane ndi ya pakhomo.

Katundu amachokera kwa ndani

Mwini katundu weniweni, kaya ndi fakitale, wamalonda kapena mlimi wamkulu, ndi amene amalipira bwino, koma amafuna munthu amene angamudalire sabata iliyonse. Wa thiraki imodzi amavutika kulonjeza zimenezo, pakuti galimoto ikafa alibe ina. Choncho ambiri amayambira kwa amkhalapakati, amene amatenga katundu kwa mwini wake pa mtengo wina, n'kumupereka kwa wa thiraki pa mtengo wotsikirapo, kusiyanako n'kukhala kwawo. Ena amanyamula katundu wotsalira wa makampani aakulu a mathiraki. Masiku ano zambiri zimachitikira pa intaneti ndi pa foni, pomwe katundu amalengezedwa ndipo wofulumira amatenga.

Mitengo ili iwiri. Wa mgwirizano umakhala womwewo kwa miyezi ingapo. Wa tsiku ndi tsiku umakwera mathiraki akachepa, umagwa akachuluka. Ku United States mitengo ya tsiku ndi tsiku inakwera kwambiri mu 2021, anthu ambiri anagula mathiraki pa mitengo yokweranso, ndipo kuyambira 2022 inagwa, ngongole zili pomwepo. Bizinesi imeneyi imayenda choncho nthawi zonse: nthawi imene aliyense akufuna kulowa ndi imene galimoto zakale zili zodula kwambiri.

Mtengo mukagwirizana, ulembedwe, pamodzi ndi zinthu zimene zimabweretsa mikangano. Maola angati odikira popakira ndi potsitsa ndi aulere, ndipo opitirira apo alipira zingati? Mafuta akakwera, mtengo usintha motani? Ndalama zopakira, za pamsewu ndi za pamalire ndi za ndani? Chenjeraninso ndi katundu amene wadutsa m'manja mwa amkhalapakati awiri kapena atatu mwini wake osadziwa. Mumanyamula, mumatsitsa, mwini katundu amalipira amene anagwirizana naye, ndipo amene anakuimbirani foni yake sikupezekanso.

Phindu pa pepala, m'thumba mulibe

Mafuta mumalipira lero. Kasitomala amalipira pakatha masiku 30, ena 60, ena 90, ndipo masikuwo amayamba kuwerengedwa akalandira invoisi ndi pepala losayinidwa lotsimikiza kuti katundu wafika. Pepalalo likasowa, likanyowa, kapena wolandira akalembapo kuti matumba ena aperewera, wotchi siyamba. Ichi n'chifukwa chake munthu amene masamu ake akuonetsa phindu amatha kuimika thiraki chifukwa chosowa ndalama ya dizilo.

Pa manambala athu aja, mwezi umodzi wa makilomita 10,000 umafuna 1,600,000. Kasitomala wolipira pa masiku 60 akutanthauza kuti mukufunika ndalama za miyezi iwiri m'manja musanalandire kanthu, osawerengera tayala lophulika. Amene waika ndalama zake zonse pa dipoziti ya galimoto wayamba ulendo alibe mafuta.

Alipo makampani ogula ma invoisi: amakupatsani gawo lalikulu la ndalama mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri, iwo n'kukadikira kasitomala, n'kudulapo maperesenti ochepa. Zimathandiza, koma peresenti imene ikuoneka yaing'ono pa invoisi imakhala yaikulu mukaiyerekeza ndi phindu lanu, limene nalonso ndi maperesenti ochepa. Werengani mgwirizano pofuna kudziwa chimene chimachitika kasitomala akakana kulipira. M'mapangano ambiri ngongoleyo imabwerera kwa inu.

Sikelo ndi wotchi

Malamulo a dziko lililonse ndi akeake, koma amafunsa zofanana: laisensi ya dalaivala yoyenera kulemera kwa galimoto, chilolezo cha bizinesi yonyamula katundu, chiphaso choti galimoto ili bwino, ndi kulembetsa msonkho. Wodutsa malire amawonjezera zilolezo za dziko lililonse ndi mapepala a kasitomu. Malamulo awiri okha ndi amene amakhudza ndalama tsiku ndi tsiku.

Loyamba ndi la kulemera. Pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri ku Ottawa m'chigawo cha Illinois anayendetsa mathiraki olemera mosiyanasiyana pa misewu yoyesera mpaka inawonongeka. Anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, msewu suwonongeka kawiri koma pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake masikelo a pamsewu amayeza ekiselo iliyonse, osati galimoto yonse yokha. Malire a galimoto yonse ndi mapaundi 80,000, pafupifupi matani 36, pa misewu ikuluikulu ya United States, ndi matani 40 pa maulendo ambiri odutsa malire mu European Union. Mungakhale pansi pa malire onsewo koma n'kulipitsidwabe chifukwa katundu wapakiridwa kutsogolo kwambiri ndipo maekiselo a hosi alemedwa. Imani pomwepo popakira, ndipo yezani musanalowe msewu waukulu. Mwini katundu akamakunyengererani kuti muwonjeze matani awiri, kumbukirani kuti chindapusa, masipuling'i othyoka ndi matayala ndi zanu.

Lachiwiri ndi la maola. Mu European Union dalaivala amayendetsa maola 9 patsiku, 10 kawiri pa sabata, amapuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo sapitirira maola 56 pa sabata kapena 90 pa masabata awiri. Ku United States ndi maola 11 oyendetsa mkati mwa maola 14 a ntchito, kenako 10 opuma, ndipo kuyambira Disembala 2017 ambiri amawerengeredwa ndi kachipangizo kolumikizidwa ku injini. Kwa mwini thiraki woyendetsa yekha lamuloli ndi denga la ndalama zake: dalaivala ndi mmodzi, maola ndi omwewo, ndipo ola lodikira pa geti ya fakitale silibwerera. Kumene lamulo silitsatidwa kwenikweni, thupi limalitsata lokha. Ngongole ikamathina mtima umafuna kuyenda usiku wonse, ndipo ngozi imodzi ya tulo imatha kutseka bizinesi yonse.

Inshulansi si imodzi

Pali ya anthu ndi zinthu za ena zimene mungawononge pamsewu, imene lamulo limakakamiza pafupifupi kulikonse. Pali ya galimoto yanuyo, imene wokongoza ndalama amaifuna. Pali ya katundu amene mwanyamula, ndipo iyi ndi imene anthu amapsa nayo, poganiza kuti ziwiri zoyambazo zaphimba zonse. Katundu wa m'ngolo akhoza kukhala wodula kuposa thiraki.

Mlandu wa wonyamula katundu umasiyana malinga ndi malamulo ndi mgwirizano. Pangano la CMR la 1956, limene mayiko a ku Ulaya ndi ena oyandikana nawo amatsata pa maulendo odutsa malire, limaika malire a chipukuta misozi malinga ndi kulemera kwa katundu wowonongekayo. Kumene kulibe malire otere, wonyamula akhoza kufunsidwa mtengo wonse. Werengani tsamba la zimene inshulansi silipira: kuba kochitika galimoto itaima pamalo osatetezedwa, katundu wonyowa chifukwa cha tenti yobooka, mitundu ina ya katundu monga mafoni ndi fodya, ndi ngozi yochitika galimoto italemedwa mopitirira lamulo. Kumanga katundu kulinso ndi muyezo wake. Malamulo a ku Ulaya ndi a ku North America amafuna kuti zomangira zipirire mphamvu yofika magawo 8 mwa 10 a kulemera kwa katundu kulowera kutsogolo, pakuti pa buleki yadzidzidzi ndi kumene katundu amathamangira, kumene kulinso dalaivala. Jambulani zithunzi popakira, ndipo chilichonse chimene chafika chowonongeka kale chilembedwe pa pepala musanasayine.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Kodi munthu amene ali ndi thiraki koma amanyamulira kampani imodzi yokha, imene imamusankhira katundu, njira ndi mtengo, ndi wabizinesi kapena ndi wantchito amene wangosenzedwa ngongole ya galimoto? Chigawo cha California ku United States chinakhazikitsa lamulo lotchedwa AB5 mu 2019, lokhwimitsa zoyenera kuti munthu atchedwe woima payekha. Olikonda amati limateteza madalaivala amene amatsala opanda kanthu zodula zikachotsedwa. Otsutsa, ena mwa iwo eni mathiraki enieniwo, amati likuwalanda ufulu umene anausankha okha. Mayiko ena akulimbana ndi funso lomweli m'makhoti ndi m'nyumba za malamulo.

Funso lina ndi la amkhalapakati: kodi wa thiraki ali ndi ufulu wodziwa ndalama imene mwini katundu walipira? Eni mathiraki amati popanda kudziwa sangakambirane mtengo mwachilungamo. Amkhalapakati amati imeneyo ndi nkhani ya iwo ndi kasitomala wawo, ndipo nawonso amaluza pa maulendo ena. Mapulogalamu a pafoni opezera katundu anabwera ndi lonjezo lochepetsa makilomita opanda kanthu, koma anthu sakugwirizana ngati akukweza zopeza za wa thiraki imodzi kapena akungofulumizitsa mpikisano wotsitsa mitengo.

Ndiye pali galimoto yeniyeniyo. Mathiraki a magetsi akugulitsidwa kale, n'ngodula pogula, mabatire ake ndi olemera ndipo amafuna malo otchajira, koma zoyendera zake zingakhale zotsika. Kampani yaikulu ingayese khumi n'kuona. Wa thiraki imodzi akalakwitsa walakwitsa yonse. Palibe amene anganene motsimikiza kuti hosi ya dizilo yogulidwa lero pa ngongole ya zaka zisanu idzagulitsidwa zingati ngongoleyo ikadzatha, kapena kuti mizinda ingati idzakhale italetsa injini zakale kulowa. Mathiraki odziyendetsa okha akuyesedwa pa misewu ina ikuluikulu, ndipo sizikudziwika ngati adzatenge maulendo ataliatali okha n'kusiyira anthu ntchito yopakira, kumanga katundu ndi kulowa m'misewu yothina, kapena ngati adzatsitse mitengo ya msika wonse, kuphatikizapo ya maulendo amene iwo sangawakwanitse.